Musanalembe za bwana wanu pa Facebook, lembani kaye m'kope

Ndikulemba kuchokera ku Block 6, Gaborone. Nkhani yanga ikukhudza amene mukugwira ntchito m'mashopu ndi m'nyumba zosungira katundu kuno, komanso ife ageni amene timalemba anzathu ntchito.

Pali mnyamata wakwathu, woyandikana nane nyumba, amene ankakweza ndi kutsitsa katundu pa kampani ina ku G-West. Ankalowa 7 koloko m'mawa n'kuweruka 7 koloko usiku, nthawi zina ndi Lamlungu lomwe, koma malipiro osasintha. Ankaonanso kuti katundu wobwera kudzera pa boda ya Tlokweng ndi wambiri kuposa wolembedwa pamapepala a kasitomu. Mtima utamupweteka, analemba zonse pa Facebook, ndi dzina la bwana lomwe. Wina anajambula n'kutumizira bwanayo, m'mawa mwake ntchito inatha. Titamufunsa umboni wa maola ake, analibe ngakhale kapepala.

Mnyamatayu sanalakwe kulankhula. Analakwitsa khomo logogoda, ndipo anapita chimanjamanja.

Tiyambe ndi ndalama. Lamulo la Employment Act la Botswana linaika maola 48 pa sabata ngati malire a ntchito wamba. Ukapitirira pamenepo ndi ovataimu, ndipo ola lililonse limalipidwa kamodzi ndi theka. Ukagwira tsiku lako lopuma kapena holide ya boma, ndi kawiri. Mu February 2024 boma linakweza malipiro otsikitsitsa pa ntchito zambiri kufika P9.06 pa ola. Ndiye werengani: ola la ovataimu ndi P13.59. Maola 10 pa sabata ndi P135.90, pa masabata anayi ndi P543.60. Imeneyo ndi ndalama ya sukulu ya mwana kumudzi imene mukusiyira bwana mwezi ndi mwezi.

Koma ku ofesi ya Labour sakumva misozi, amafuna masiku ndi maola. Gulani kope. Tsiku lililonse lembani nthawi yolowa, nthawi yoweruka, ndi ndalama imene mwalandira. Sungani mauthenga a WhatsApp amene bwana amakuitanirani Lamlungu. Ngati amakulipirani pamanja, muzisainirana. Nkhani imayambira kwa mkhalapakati wa ku Labour, ikakanika imapita ku Industrial Court. Ngati mwachotsedwa ntchito musagone, chifukwa nthawi yokadandaula ndi yochepa, masiku 30 okha.

Tsopano zakuba ndi katangale. Botswana ili ndi lamulo loteteza oulula zachinyengo, Whistleblowing Act ya 2016. Limaletsa bwana kuchotsa ntchito kapena kuzunza munthu chifukwa choti waulula. Koma chitetezocho chimabwera ukaulula kwa amene lamulo linawatchula, monga DCEC, bungwe lolimbana ndi katangale lomwe linakhazikitsidwa mu 1994, apolisi, ofesi ya Ombudsman, kapena BURS imene imaona za misonkho ndi kasitomu. Facebook ndi magulu a WhatsApp mulibe m'ndandandawo. Ndipo kunamizira munthu dala ndi mlandu pawokha. Nenani zimene mwaona ndi maso anu, osati zomva pa kombi.

Ndikudziwa zimene ena mukuganiza: "Achimwene, nanga ife opanda pemiti?" Sindikunamizani. Masiku 90 amene timadindidwa pa pasipoti ndi ochezera, si ogwirira ntchito, ndipo mukapita ku ofesi ya boma funso la mapepala litha kubwera. Mabwana ena amatilemba dala chifukwa akudziwa kuti tiopa kudandaula. Komatu wolemba ntchito mlendo wopanda pemiti nayenso waphwanya lamulo, ndipo amadziwa zimenezo. Muli ndi kope m'manja, mungathe kukhala naye pansi pamaso pa mboni n'kuwerengerana modekha. Musamuopseze, ingomuonetsani manambala. Musanapite ku ofesi iliyonse, funsani kaye loya kapena munthu wodziwa malamulo a kuno.

Mantha athu ali ndi pochokera. Kwathu tonse tikukumbukira a Issa Njauju, mkulu wa ku ACB amene anaphedwa mu July 2015. Tinakula tikudziwa kuti wolankhula ndiye amapsa. Koma kukhala chete nakonso kuli ndi mtengo wake, ndipo ageni ndife oyamba kuulipira. Wozembetsa katundu pa boda amagulitsa motchipa kuposa inu amene mwalipira dyute yonse.

Mawu otsiriza apite kwa ife tomwe. Ambiri pagulu pano tili ndi mtsikana wotigulitsira kapena mnyamata wotinyamulira mabelo. Timamutenga kumudzi, timamusungira pasipoti, kenako timati "ndikupatsa katundu akatha". Tikamadandaula za mabwana a ku G-West, tiyang'anenso m'nyumba mwathu. Mubwezereni pasipoti yake, gwirizanani malipiro polemba, ndipo mumulipire maola ake onse.

Mnyamata uja anapeza ganyu kwina. Ndinamugulira kope la P10, ndipo tsamba loyamba ladzaza kale. Amene munadutsako ku Labour kapena ku Industrial Court, tiuzeni mmene zinayendera, koma musatchule maina a anthu pano.