KANEMA AGWIRE MTIMA, OSATI MSANA WOKHA

Kuyambira kale eni nyumba za kanema akhala akufunafuna njira yakuti woonerera asangoona ndi maso ndi kumva ndi makutu, koma kuti amvenso m'thupi. M'caka ca 1959 William Castle wa ku America anamangirira timakina tonjenjemera pansi pa mipando ina poonetsa filimu ya The Tingler. M'caka ca 1974 filimu ya Earthquake inadza ndi Sensurround, zokuzira mau zazikulu zimene zinali kugwedeza mipando monga pa civomezi. M'caka ca 2009 kampani ya CJ ya ku South Korea inayambitsa 4DX, mipando yopendekeka ndi yogunda msana, yokhala ndi timipope touzira mphepo ndi madzi kumaso.

Nzeru imeneyi si yacabe ai. Aliyense amene anaimapo pafupi ndi ng'oma yaikulu adziwa kuti kulira kwake kumafika m'cifuwa. Pamene munthu wa mu filimu ali pangozi, kugunda kwapang'onopang'ono kwa mpando konga kwa mtima kukhoza kumuyandikizitsa kwa woonerera. Koposa apo, anthu osamva apeza thandizo, pakuti kuli majaketi amene amasandutsa mau ndi nyimbo kukhala kunjenjemera pakhungu. Kwa iwo makina otere si coseweretsa, koma khomo lolowera m'nkhani imene anzao akumva ndi makutu.

Komabe pali cofunika kucenjera naco. Kudzidzimutsa munthu nkosavuta, koma kumumvetsa cisoni kapena cifundo ndi nchito ina. Mpando ukhoza kugwedeza msana, koma sungathe kugwetsa msozi ngati nkhani ili yopanda mutu. Sensurround yomwe ija inagwiritsidwa nchito m'mafilimu owerengeka, monga Midway mu 1976 ndi Rollercoaster mu 1977, ndipo posapita zaka zambiri inasiyidwa. Phokoso lake linali kusokoneza oonerera m'zipinda zoyandikana.

Cinanso ndi mtengo. Tikiti ya mipando yogwedezeka imakwera kuposa ya masiku onse, ndipo eni ake amacenjeza amai apakati, odwala mtima ndi ana aang'ono kuti asakhalepo. Motero cinthu cimene cinapangidwa kuti cikokere anthu pafupi cikhozanso kutsekera ambiri kunja.

Opanga mafilimu ayenera tsono kuika nkhani patsogolo, ndi kugwiritsa nchito makinawa mwa muyeso, monga mcere m'ndiwo. Filimu ya I Am Not a Witch ya Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka, inalandira mphotho ya BAFTA m'caka ca 2018 cifukwa ca nkhani yake, popanda mpando wogwedezeka. Ndipo ngati pali ndalama zogulira makina, oyamba kuganiziridwa akhale osamva. Otengeka ndi zacilendo akumbukire mau a akuluakulu akuti cakomacakoma pusi anagwa cagada.