Kaputeni amene sadachite manyazi kufunsa

Awerengi anga, sabata ino tiyeni tibwerere pa 19 July 1989. Tsikulo ndege ya United Airlines, ulendo nambala 232, idanyamuka ku Denver kulowera ku Chicago m'dziko la America. Idali DC-10 ya injini zitatu, ndipo mudali anthu 296.

Ndege yaikulu chotere siwongoleredwa ndi mphamvu ya mkono. Woyendetsa akakhotetsa chiwongolero, mafuta othamanga m'mapaipi ndiwo amakankha zitsulo za pamapiko ndi kumchira, monga amachitira mafuta a mabuleki pagalimoto. DC-10 idali ndi njira zitatu za mafutawa kuti ina ikafa, zina zigwire ntchito.

Ali m'mwamba, injini ya kumchira idaphulika chifukwa cha mng'alu umene udali m'chitsulo chake chozungulira. Zidutswa zidaboola mapaipi ndipo mafuta a njira zonse zitatu adatayika. Chiwongolero chidasanduka chokongoletsa chabe. Buku la malangizo silidanenepo kanthu, chifukwa opanga ndegeyo sankayembekezera kuti zitatu zonse zingafe nthawi imodzi.

Kaputeni Al Haynes ndi anzake awiri adaona kuti akawonjezera moto pa injini ya phiko limodzi n'kuchepetsa pa inayo, ndege imakhota. Akawonjezera pa zonse ziwiri, imakwera. Pakati pa apaulendo padali Dennis Fitch, mphunzitsi wa oyendetsa DC-10, yemwe adadzipereka kuthandiza. Haynes sadati ndegeyi ndi yanga. Adamulandira n'kumupatsa zogwirira za injini ziwirizo, iye ndi wothandizana naye akulimbana ndi chiwongolero komanso kulankhula ndi a pabwalo.

Kwa mphindi zoposa 40 adailimbira mtima mpaka kufika pabwalo la ndege la Sioux City ku Iowa. Idatera ikuthamanga kwambiri, phiko lakumanja lidagunda pansi, ndipo idasweka n'kuyaka moto. Anthu 112 adamwalira, koma 184 adapulumuka. Pambuyo pake akatswiri adayesa ulendowu pamakina ophunzitsira oyendetsa ndege, n'kupeza kuti kutera bwino m'vuto lotere n'kosatheka kwenikweni.

Haynes adakhala zaka zambiri akufotokozera anthu za tsikulo. Ankanena kuti panalibe chifukwa choti iye adziwe zambiri kuposa anzake pa vuto limene palibe adaliphunzirapo, n'chifukwa chake ankamvera maganizo a aliyense. Kampani yawo idali itawaphunzitsa kale kuti wamng'ono azilankhula akaona cholakwika, ndipo wamkulu azimva.

Apa ndiye pagona nkhani yanga. M'zipatala, m'masukulu, m'mipingo ngakhale m'mabanja mwathu, zinthu zikavuta wamkulu amaopa kuoneka wosadziwa, wamng'ono amaopa kutchedwa wamwano. Onse amakhala chete mpaka zitaonongeka. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, koma mwambiwu timaukonda pamaliro ndi paukwati, osati pamene mpando wathu wagwedezeka.

Inu bwana, tsiku limene chiwongolero chidzakukanikeni, kodi amene ali pansi panu adzalimba mtima kukuuzani zimene akuona? Yankho lake mukulikonza lero, ndi mmene mukuwamverera zinthu zikadali bwino.

Tionane sabata yamawa.