Tisabise umbava ndi chiwawa m'mawu akuti 'vandalism'

Masiku ano sipatha sabata osamva mawu akuti vandalism pa wailesi kapena kuwaona m'nyuzipepala. Bungwe la Escom limawatchula likamadandaula za mathiransifoma ndi nthambo zamagetsi, mabungwe ogulitsa madzi akamanena za mapaipi ndi mamita, ndipo akuluakulu a maphunziro amawatchula ophunzira akaswa magalasi kapena kutentha nyumba pasukulu. Mawuwa afika mpaka pamsika ndi padoko, moti wina amangoti kwachitika vandalism, nkhani n'kuthera pomwepo. Ife tikuona kuti n'kofunika kuti mabanja adziwe kumene mawuwa adachokera, chimene amatanthauza, ndiponso chimene amaphimba tikamawatchula mosalingalira.

Gwero lake ndi dzina la mtundu wa anthu. Anthu otchedwa Vandal adali a ku Ulaya, ndipo chinenero chawo chidali pachibale ndi Chijeremani. M'chaka cha 429, motsogozedwa ndi mfumu yawo Gaiseric, adawoloka nyanja kuchoka ku Spain n'kulowa kumpoto kwa Africa, ndipo mu 439 adalanda mzinda wa Carthage, m'dziko lomwe lero ndi Tunisia. Mu 455 adapita pa zombo kukalowa mumzinda wa Rome, komwe adatha masabata awiri akututa golide, siliva ndi zinthu zina zamtengo wapatali, natenganso anthu ukapolo. Ufumu wawo udagwa m'chaka cha 534.

Koma mawu akuti vandalism sadabadwe nthawi imeneyo. Adabadwa ku France patapita zaka zoposa 1,300. Anthu a m'dzikolo ataukira ufumu kuyambira mu 1789, magulu okwiya adayamba kuphwanya ziboliboli, kuwononga mabuku ndi nyumba zakale, ndipo mu 1793 adafukula ngakhale manda a mafumu ku Saint-Denis. M'chaka cha 1794, Henri Grégoire, yemwe adali bishopu wa ku Blois komanso phungu, adagwiritsa ntchito mawuwa m'malipoti ake ku nyumba ya malamulo pofuna kuchititsa manyazi owonongawo. Mfundo yake idali yakuti mfumu ikachoka, zomwe yasiya zimakhala chuma cha mtundu wonse, ndipo wozigumula akulanda ana ake omwe cholowa chawo.

Mbiriyi ikutichenjeza choyamba za kuipa komata mlandu pa dzina la mtundu. Akatswiri ambiri a mbiri yakale amati anthu a Vandal adatuta katundu ku Rome koma sadaugumule kapena kuutentha mzindawo, ndipo ku Carthage adapitiriza kugwiritsa ntchito Chilatini ndi nyumba zomwe adazipeza. Komabe lero dzina lawo limangokumbukika ngati chitonzo. Ifenso sola ikasowa pachipatala kapena mjigo ukagulidwa zitsulo usiku, timafulumira kuloza chala asodzi obwera, anyamata a mudzi woyandikana nawo kapena anthu a mtundu wakutiwakuti. Wolakwa ndi munthu amene ali ndi dzina lake, ndipo kuneneza gulu lonse kumangomupatsa pobisala.

Chenjezo lachiwiri ndi lakuti mawuwa asanduka thumba limodzi lonyamula zinthu zosiyana. M'Chingerezi cha lero amatanthauza kuwononga mwadala katundu wa anthu onse kapena wa munthu wina. Chichewa chathu sichisauka pamenepa: tili ndi kuba, kuphwanya, kugumula, kutentha, kuipitsa ndi kunyoza, ndipo liwu lililonse limaloza matenda ake ndi mankhwala ake.

Wogwetsa thiransifoma usiku kuti achotsemo mkuwa ndi mafuta ndi mbava, ndipo mbava yotere siyenda yokha. Pali womusungira katunduyo, womunyamulira, ndi womugula pa sikelo popanda kufunsa komwe wachokera. Tikangoti vandalism, maso athu amathera pa chitsulo chophwanyikacho, wogula uja n'kutsala akuwerenga phindu. Pamene iye akutero, chigayo chaima, firiji yosungira katemera pachipatala yazima, wogulitsa chambo wasowa madzi oundana, ndipo mwana wokonzekera mayeso akuwerengera pa tochi.

Ophunzira otentha sukulu yawo chifukwa cha ndiwo kapena chilango cha mnzawo sakuba kanthu. Chawo ndi chiwawa chobadwa mu mkwiyo. Nthawi zina dandaulo lawo limakhala lomveka, ndipo aphunzitsi ndi makomiti a makolo ayenera kukhala ndi khomo lotseguka lomvera madandaulo moto usanabuke. Koma mabuku akapsa sabwereranso, ndipo ndalama zokonzetsera kawirikawiri zimachoka m'thumba la kholo lomwe lidagulitsa mpunga kapena usipa kuti lilipire fizi.

Palinso chibwana cha ana olendewera pa mkono wa mjigo, olemba pa makoma ndi ogenda mababu a mumsewu. Ichi sichifuna apolisi, chimafuna munthu wamkulu wodutsa amene saona manyazi kudzudzula, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Choopsa koposa ndi kuwononga kochokera m'chidani, komwe cholinga chake ndi kufafaniza chikumbutso cha anthu ena. M'chaka cha 2012, zigawenga zomwe zidalanda mzinda wa Timbuktu ku Mali zidagumula manda akale a mashehe ndi akatswiri a maphunziro a Chisilamu, n'kuthyolanso chitseko cha mzikiti wa Sidi Yahia. Mu 2016, khoti la International Criminal Court ku The Hague lidalamula Ahmad al-Faqi al-Mahdi, yemwe adavomera mlanduwo, kukhala m'ndende zaka 9. Khotilo silidauone ngati mlandu wa njerwa ndi dothi chabe, koma lidautcha mlandu wa pankhondo. Wogumula manda kapena nyumba yopempherera ya anthu a chipembedzo chilichonse amalasa mitima ya amoyo, ndipo mchitidwe wake uyenera kutchedwa chidani poyera.

Pansi pa zonsezi pali maganizo amene adatilowerera, akuti katundu wa boma alibe mwini. Boma silitunga madzi pamjigo, silichirira pachipatala cha m'mudzi, ndipo silikhala pa desiki. Zinthuzi zidagulidwa ndi misonkho yathu, ngongole zomwe ana athu adzabweza, kapena thandizo la anthu akufuna kwabwino, ndipo zikawonongeka oyamba kuyenda mtunda wautali ndi ndowa pamutu ndi amayi ndi atsikana athu.

Choncho tikupempha atolankhani anzathu ndi olankhulira mabungwe kuti polankhula ndi anthu m'Chichewa azitchula chomwe chachitika: kwabedwa chiyani, kwatenthedwa chiyani, ndipo avutike ndani. Mafumu ndi makomiti a m'midzi azidziwa amene akugula zitsulo zakale m'dera lawo ndi komwe akuzitenga. Makolo nawo asamalandire ndalama kapena katundu amene mnyamata wabwera naye mbandakucha popanda kumufunsa mafunso, chifukwa wodya nawo zakuba ndi mbava yomwe. Ndipo amene waona anthu akukumba paipi kapena kukwera pholo usiku akanene kwa amfumu kapena kupolisi, osadikira kuti mdima ufike kaye panyumba pake.