Fano la m'thumba limamwanso magazi

Abale ndi alongo m'Chisilamu, tikamva mawu oti fano timaganiza za miyala ya ku Makka yomwe Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adaiphwanya m'chaka cha 630. Tikatero timadziyesa opulumuka. Koma pitani pa chipata cha Mwami, kapena pa msika wa Kamwendo nthawi yogula mtedza ndi soya, mufunse ochita geni zomwe amanga m'chiuno. Alipo amene amasala Ramadan yonse, koma chithumwa cha malonda sachivula ngakhale pa swala.

Amati ndi mankhwala chabe, si kupembedza. Nanga kupembedza n'chiyani, ngati si kuika mantha ndi chiyembekezo chako mwa chinthu? Mneneri Ilyas (mtendere ukhale pa iye), yemwe Baibulo limamutcha Eliya, adalimbana ndi anthu omwe sadamukane Mulungu, adangomuwonjezera Baala kuti mvula igwe. Qur'an imatchula Baala yemweyo mu Surah As-Saffat. Buku la Yesaya, mutu 44, limaseka munthu wodula mtengo, chidutswa china n'kuphikira chakudya, chotsalacho n'kuchigwadira.

Ndipo fano silikhuta. Yeremiya, mutu 7, akudzudzula anthu a ku Yuda omwe adafika powotcha ana awo m'chigwa cha Hinomu. Chiweruzo chidabwera: Nebukadinezara adagwetsa Yerusalemu, anthu n'kutengedwa ukapolo ku Babulo.

Musati izi n'zakale. Mu 2019 khoti lalikulu lidagamula anthu atatu kuti aphedwe chifukwa chopha munthu wachialubino m'boma lino la Mchinji mu 2015. Chikhulupiriro choti fupa la munthu limalemeretsa n'chomwecho chimene chimati kachikopa kosokedwa kamaitana makasitomala. Kusiyana kwake ndi mtengo wa nsembe basi.

Inunso amene mumalemba ma ayah pa pepala, kulipinda ndi kuligulitsa ngati loitanira chuma, opani Allah. Mwasandutsa mawu Ake katundu wa pa msika, ndipo mwaphunzitsa osauka kudalira pepala kusiya Mwini mawuwo.

Surah An-Nisa ikunena poyera kuti shirk sakhululukidwa kwa womwalira asadalape. Khomo la tauba likadali lotseguka. Musanamasule swaumu madzulo ano, dulani chingwecho, muchiponye pa moto. Rizq imachokera kwa Allah, ndipo Iye safuna magazi a mwana wa mnzanu kuti akupatseni.