Khomo la sitolo lisatsekere cifundo kunja

Mwezi wa December ukafika, masitolo akulu a mu Lusaka amadzaza ndi anthu ogula mpunga, nkhuku ndi zobvala za ana. Mwezi womwewo madzi a mvula amalowa m'nyumba za ku Kanyama, ndipo amai amasiye a ku Chawama ndi ku George amasowa tulo poganiza za mayunifomu ndi makope a mu January. Ndico cifukwa cake magulu a m'mipingo amafuna kuima ndi zitini pamene pamadutsa ndalama, ndiko kuti pakhomo pa sitolo. Kodi mwini sitolo acita bwino akawapitikitsa?

Mlandu umenewu unabvutapo kale ku America. M'caka ca 2004 kampani ya Target, imene inali ndi masitolo oposa 1,000, inaletsa a mpingo wa Salvation Army kuliza tibelu ndi kusonkhetsa ndalama pamakomo ake pa nyengo ya Khirisimasi. Mpingo umenewu ndi womwe uja uyendetsa cipatala ca Chikankata ku cigawo ca kumwera kwa Zambia. Mwambo wao wosonkhetsa ndalama mumphika unayamba mu 1891 mu mzinda wa San Francisco, pofuna kudyetsa osauka tsiku la Khirisimasi. Mu 2003 mokha anapeza madola pafupifupi 9 miliyoni pamakomo a Target. Akulu a kampaniyo anati magulu opempha malo anaculuka, ndipo sikunali kolungama kulola gulu limodzi ndi kukana ena onse.

Ogula anagawikana. Ena analumbira kuti sadzapondanso m'masitolo amenewo, ndipo magulu ena a Cikhristu anauza anthu ao kukagula kwina. Enanso anakondwa kuti tsopano adzalowa ndi kutuluka popanda kucita manyazi ndi munthu wa belu. Kampani yopikisana nayo ya Walmart inasiya makomo ake otsegula, nilonjeza kuonjezapo ndalama zake kufikira madola 1 miliyoni pa zimene anthu akanaponya m'miphika.

Lusaka sali kutali ndi bvuto lotere. M'masiku a masitolo a Boma monga ZCBC, NIEC ndi Mwaiseni, wotuluka m'sitolo ya m'tauni anali kutulukira pamsewu wa aliyense. Shoprite inafika mu 1995, Manda Hill inatsegulidwa mu 1999, ndipo kucokera pamenepo masitolo akulu ambiri ali m'kati mwa mpanda, pamalo a eni ake, ndi alonda pacipata. Woima pamenepo aima pabwalo la mwini, ndipo mwini akati coka, palibe kocitira mwina.

Dandaulo la eni masitolo silopanda pake ai. Alipo anthu oyenda ndi mapepala a maliro amene sanacitike, ndi a nyumba za mapemphero zimene sizidzamangidwa. Mai wocokera ku Matero amene watsala ndi ya basi yokha sayenera kutsekerezedwa njira ndi kucititsidwa manyazi pamaso pa anthu. Akulu anati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ndipo onyenga owerengeka aipitsa mbiri ya okhulupirika.

Komabe mlimi wanzeru satentha nkhokwe cifukwa ca anankafumbwe. Kuletsa onse ndiko kulanga mwana wamasiye wa ku Mtendere pa colakwa ca wakuba amene samdziwa. Masitolo amenewa amakhala ndi ndalama za anthu a m'makomboni, ndiwo amagula thumba la ufa ndi botolo la saladi mwezi ndi mwezi. Sitolo imene imalandira ngwee ya wosauka caka conse isakane kumbwereka khonde masiku owerengeka.

Njira yabwino ndiyo kupeta, mankhusu padera, ufa padera. Gulu lofuna kusonkhetsa lionetse cikalata cosonyeza kuti linalembedwa ku Boma, pamodzi ndi kalata ya mbusa kapena wansembe wodziwika. Mwini sitolo alipatse tsiku lake ndi thebulo pambali, losatseka njira. Citini cikhale comata, citsegulidwe pamaso pa mboni, ndipo ndalama zopezeka zilembedwe ndi kupacikidwa pakhomo pomwepo kuti woponya K5 adziwe kumene yapita. Magulu akaculuka alandizane masiku monga amai amalandizana cilimba. Khonsolo ya mzinda wa Lusaka ingathe kukhalitsa pansi eni masitolo ndi atsogoleri a mipingo kuti apangane zimenezi nyengo ya cikondwerero isanafike.

Anthu a kumudzi nkhaniyi iwakhudza. Ambiri a m'Kalingalinga ndi m'Chawama ndi ana ao a ku Petauke, Katete ndi Chadiza, ndipo thandizo likasowa m'tauni ana amasiye amakwezedwa basi kupita kwa ambuye ao kumudzi, kumene nkhokwe mu January imakhala itapepuka kale. Kumudzi wosonkhetsa ufa wa pamaliro sapitikitsidwa pakhomo, cifukwa onse amdziwa ndipo mfumu ndiyo yamtuma. Ca m'tauni cosowa ndi comweco: wina wodziwika woimira mboni wosonkhetsayo. Kupatsa nkuika, ndipo mwini sitolo wopereka khonde lake naye waikiza kwa ogula ake.