Wodwala akachira, ndani amamulondola?

Mu 2009, m'midzi ya m'malire a Neno ndi Tsangano wa ku Mozambique munabuka nthenda imene inazunguza mitu madokotala. Odwala ankatentha thupi, ena ankadzandira poyenda, ena lilime linkalemera. Pambuyo pake zinadziwika kuti inali taifodi, ndipo anthu pafupifupi 300 anadwala. Apa n'kuti Neno itangopatuka ku Mwanza mu 2003, choncho kwa ife a ku Mwanza amenewa ndi abale athu enieni. Nanga amene anapulumuka aja ali bwanji lero? Amamva bwino? Amagwira khasu? Kuti munthu ayankhe, ayenera kufukula makaundula akale a zipatala za mayiko awiri, kenako kuyenda khomo ndi khomo.

Zipatala zathu zimadziwa kuwerenga odwala ndi omwalira. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inagwira anthu pafupifupi 59,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo ziwerengerozi zinkalengezedwa tsiku ndi tsiku. Chimene chimativuta ndi kutsatira munthu mmodzimmodzi akatuluka m'chipatala. Chonsecho matenda opatsirana ambiri amasiya zipsera. Ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre, kafukufuku wa Gretchen Birbeck ndi anzake, amene anatuluka mu 2010, anasonyeza kuti ana ena ochira malungo a muubongo amadzayamba khunyu kapena kusokonekera khalidwe patapita miyezi. Mumzinda womwewo, Jamilah Meghji anatsatira anthu oposa 400 omaliza mankhwala a TB ndipo anapeza kuti ambiri anatsala ndi mapapo owonongeka ngakhale kuti m'kaundula analembedwa kuti achira. Khansa ya khomo la chiberekero nayo, imene ikupulula amayi athu, imachokera ku kachilombo ka HPV kamene mayi anakatenga zaka zambiri m'mbuyo.

N'chifukwa chake akatswiri ena akuti makaundula onse azaumoyo alumikizidwe, kuti mwana wogonekedwa ndi malungo pa chipatala cha boma la Mwanza, akadzaonekera ku Thambani akugwa khunyu, kompyuta idzadziwe kuti ndi yemwe uja. Zipangizo zoyambira tili nazo. Bungwe la Baobab Health Trust linayamba kulemba odwala pa makompyuta ku Kamuzu Central ku Lilongwe chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo ndi kumene kunachokera kapepala ka mizeremizere komata pa buku la kuchipatala. Pulogalamu ya ma ARV aulere, imene inayamba mu 2004, ili ndi kaundula wosamalidwa bwino. Mu 2017 bungwe la NRB linalembera anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire chiphaso cha unzika. Koma zambiri zimene maboma amatumiza ku Unduna wa Zaumoyo kudzera mu pulogalamu ya pa kompyuta ya DHIS2 zimapita ngati ziwerengero chabe, zopanda mwini.

Phindu la kulondola anthu taliona kale kwathu konkuno. Ku Chilumba m'boma la Karonga, ntchito imene inayamba mu 1979 pofufuza khate, yomwe lero ili m'manja mwa bungwe la MEIRU, yatsatira mabanja omwewo kwa zaka zoposa 40, ndipo zambiri zimene dziko lapansi limadziwa pa katemera wa BCG ndi mmene TB imayendera limodzi ndi HIV zinachokera kumeneko. Ku Scotland, kumene wodwala aliyense ali ndi nambala yake, anafananiza kaundula wa katemera ndi wa khansa, ndipo mu 2024 analengeza kuti mwa atsikana amene anabayitsa katemera wa HPV ali ndi zaka 12 kapena 13 sanapezemo wodwala khansa ya khomo la chiberekero. Ife tinayamba kupereka katemerayu dziko lonse mu 2019. Tidzadziwa bwanji kuti wagwira ntchito ngati sititha kuwapezanso atsikanawo?

Komabe amene akukayikira nawonso ali ndi mfundo, ndipo Mwanza ndi malo abwino omvera nkhawa zawo. Pano ndi pachipata. Msewu wa ku Zóbuè ndi Tete umabweretsa madalaivala a mathiraki, ochita geni, ndi anyamata obwerera ku Joni. Odwala ena pa zipatala zathu amachokera tsidya lina la malire, alibe chiphaso cha Malawi ndipo sadzakhala nacho. Tsiku limene kalaliki adzayambe kunena kuti wopanda chiphaso abwerere, ena adzabwereka dzina la mbale wawo, ena adzagona kunyumba ndi chifuwa chawo n'kupatsira banja lonse. Kaundula wotero adzaoneka waudongo pa kompyuta pamene zolembedwamo n'zabodza. Ndiponso ana, omwe malungo amawasautsa kwambiri, salandira chiphaso asanakwane zaka 16.

Kenako pali chinsinsi. Tonse timadziwa anthu amene amadumpha chipatala chapafupi n'kukalandira ma ARV kutali, kuopa maso a anansi. Munthu wotero akamva kuti aliyense wokhala pa kompyuta angathe kuona mbiri yake yonse, mwina adzangosiya mankhwala. Lamulo la HIV la 2018 limaletsa kuulula za munthu popanda chilolezo, ndipo mu 2024 tinapeza lamulo loteteza zinsinsi za anthu, lomwe woliyang'anira ndi MACRA. Malamulowo ndi abwino, koma m'tauni yaing'ono ngati Mwanza wogwira makina akhoza kukhala mlamu wako. Tisaiwalenso mmene anthu amachitira akakayikira boma: mu May 2020, mazana a anthu amene analowera pa Mwanza kuchokera ku South Africa anathawa pa Kamuzu Stadium asanamve zotsatira za Covid-19. Anathawa chifukwa cha mmene anawasungira, ndipo mayina awo m'kaundula sanathandize kuwabweza.

Za magetsi othimathima, netiweki yosowa ndi anthu a mabuku a kuchipatala atatuatatu, aliyense akuzidziwa. Chachikulu n'chakuti makompyuta ambiriwa anagulidwa ndi kusamalidwa ndi ndalama za dziko la America, ndipo kuimitsidwa kwa thandizolo mu January 2025 kunatikumbutsa kuti za mwini zimapita mwini akafuna.

Ine ndili mbali ya olumikiza, koma osati mwa njira iliyonse. Thandizo lizibwera poyamba, nambala pambuyo, ndipo wopanda chiphaso azipatsidwa nambala ya chipatala imene angadzaigwiritsenso ntchito. Ofufuza azilandira zolembedwa zochotsedwa mayina, ndipo aliyense wotsegula mbiri ya wodwala azisiya chizindikiro choti angadzafunsidwe nacho. Chinanso, kulondola munthu kuzikhala ndi phindu kwa iye mwini. Ku Neno, a Abwenzi Pa Za Umoyo ndi Unduna anaphatikiza kiliniki ya HIV ndi ya matenda okhalitsa monga BP, shuga, mphumu ndi khunyu kuyambira 2015, moti wodwala amaonedwa tsiku limodzi, pamzere umodzi, ndipo akajomba amamutsatira kumudzi. Mwanza ikhoza kuyambira pomwepo ndi magulu awiri okha, omaliza mankhwala a TB ndi ana ochira malungo a muubongo, n'kumawaitananso chaka ndi chaka.