Boma likaseweretsa wotchi, osagona tulo ndi olemba mapulogalamu

Lamlungu pa 26 Malichi 2023 anthu a ku Lebanon anadzuka ndi nthawi ziwiri m'dziko limodzi. Usiku wa Loweruka mawotchi amayenera kukankhidwa kutsogolo ndi ola limodzi monga zimakhalira chaka ndi chaka, koma Lachinayi, kutangotsala masiku awiri, boma la Najib Mikati linalengeza kuti zimenezi zidikire mpaka Epulo. Mwezi wa Ramadan unali utangoyamba kumene, ndipo kusakankha wotchi kukanathandiza osala kudya kuti azimasula wotchi isanapite patali. Mpingo wa Maronite unakana kumvera, nyumba zina zoulutsira mawu nazo zinakana. Mafoni ambiri sanamve n'komwe za chilengezocho, anangodzisintha okha. Pofika Lolemba nduna zinakumana n'kubweza mawu.

Andale anakangana masiku owerengeka, nkhani n'kuzizira. Amene anasenza mtolo wake ndi olemba mapulogalamu a kompyuta kumabanki, kumakampani a ndege ndi a mafoni, omwe anakonza makina mothamanga kenako n'kuphwasulanso zomwe anakonzazo. Ndege ikachedwa kapena malipiro akalowa tsiku lolakwika, chala chimaloza iwo. Kumeneku n'kuwalakwira, chifukwa vuto limayambira m'maofesi momwe nthawi amaitenga ngati chinthu choti nduna ingasinthe ndi cholembera.

Ngakhale popanda zadzidzidzi, kachitidwe kokankha wotchika n'kozunguza mutu kale. Ku Britain, Lamlungu lomaliza la Malichi, 1 koloko ya usiku ikangokwana wotchi imadumphira pa 2 koloko. Tsiku limenelo limakhala la maola 23, ndipo 1:30 kulibe. Lamlungu lomaliza la Okutobala zimatembenuka: tsiku limakhala la maola 25, ndipo 1:30 imafika kawiri. Tsono taganizani za pulogalamu yomwe inauzidwa kuti usiku uliwonse pa 1:30 izichotsa ndalama za ngongole m'maakaunti. Mu Malichi ikhoza kudumpha osachotsa, mu Okutobala ikhoza kuchotsa kawiri. Namwino wa usiku wagwira maola angati? Mwana wobadwa 1:50 ndi mnzake wobadwa 1:10, wamkulu ndani? Mafunso otere munthu amatha kuwaseka, koma kompyuta imafuna yankho limodzi, ndipo wina ayenera kulilemba.

Chowonjezera mavuto n'chakuti maiko sasinthira limodzi. United States imakankha mawotchi Lamlungu lachiwiri la Malichi, Ulaya Lamlungu lomaliza. Kwa milungu iwiri kapena itatu, New York ndi London zimasiyana maola anayi m'malo mwa asanu. Ku Arizona sasintha, koma anthu a mtundu wa Anavajo okhala m'boma lomwelo amasintha, pamene Ahopi, omwe dera lawo lazunguliridwa ndi la Anavajo, sasintha. Pachilumba cha Lord Howe ku Australia amakankha ndi mphindi 30 zokha. Nepal ili patsogolo pa UTC, nthawi yomwe maiko onse amayezerapo nthawi zawo, ndi maola asanu ndi mphindi 45.

Zonsezi zilibe samu yoziwerengera, zimangofunika kulembedwa chimodzichimodzi. Kaundula wake amatchedwa tz database. Anamuyambitsa Arthur David Olson m'zaka za m'ma 1980, ndipo kwa nthawi yaitali tsopano akumuyang'anira Paul Eggert, mphunzitsi wa ku yunivesite ya UCLA, mothandizana ndi anthu ongodzipereka. Kuyambira 2011 kaundulayu amasungidwa ndi bungwe la IANA. Mafoni ndi makompyuta ochuluka padziko lonse amadalira iyeyu. Boma likasintha lamulo, anthuwa amalemba, kenako makampani ngati Apple ndi Google amatumiza zosinthazo m'mafoni, ndipo ulendowu sutha tsiku limodzi. Mafoni akale ena salandira n'komwe. Komabe Egypt mu Julayi 2016 inathetsa kusintha wotchi kutatsala masiku atatu, Morocco mu Okutobala 2018 kutatsala masiku awiri.

Yerekezani ndi Samoa. Mu 2011 dzikoli linafuna kuti masiku ake azigwirizana ndi a Australia ndi New Zealand, komwe limachita nako malonda kwambiri, choncho linafufuta tsiku lathunthu. Anthu anagona Lachinayi pa 29 Disembala n'kudzuka Loweruka pa 31. Koma boma linali litaneneratu mu Meyi, ndipo okonza makina anapeza mpata wa miyezi yokonzekera.

Malawi ndi Zambia, pamodzi ndi Mozambique ndi Zimbabwe, sagwedeza wotchi chaka chonse, ndipo ndi mwayi. Pafupi ndi pakati pa dziko lapansi kutalika kwa usana sikusintha kwambiri, ndiye palibe choti n'kupulumutsa pokankha wotchi. Ngakhale zili choncho, mavuto a ena amafika ndithu. Okonda Premier League amadziwa kuti mpira woyamba 3 koloko masana ku England umaoneka 4 koloko ku Lilongwe mu Seputembala, koma 5 koloko mu Disembala. Mnyamata wa ku Blantyre wolembera mapulogalamu kampani ya ku London amapeza msonkhano wa sabata iliyonse utasuntha wokha kawiri pachaka. Upangiri womwe amapatsana woti zonse zizisungidwa mu UTC umathandiza pa zomwe zachitika kale, koma pa msonkhano wa chaka chamawa sukwanira, chifukwa boma likhoza kusintha lamulo tsikulo lisanafike.

Nanga phindu lake lili pati? Germany inayamba kachitidweka pa 30 Epulo 1916, nkhondo ili mkati, pofuna kupulumutsa malasha. Masiku ano nyale sizidya magetsi ngati kale. Boma la Indiana ku United States litayamba kusintha wotchi m'madera ake onse mu 2006, akatswiri a zachuma Matthew Kotchen ndi Laura Grant anapeza kuti magetsi ogwiritsidwa ntchito m'nyumba anakwera ndi pafupifupi 1 peresenti. Namibia inasiya mu 2017, Brazil mu 2019, madera ambiri a Mexico mu 2022. Ku European Union anthu 4.6 miliyoni anapereka maganizo awo mu 2018, ndipo 84 peresenti anati kusinthaku kuthe. Aphungu a European Union anavomereza mu Malichi 2019, koma maboma sanagwirizane, ndipo mawotchi akusinthabe.

Kusintha wotchi kawiri pachaka kuyenera kutha, chifukwa phindu lomwe ankalonjeza silikuoneka pamene chisokonezo chake chimabwera chaka chilichonse. Ndipo boma lililonse lofuna kugwira wotchi, kaya pothetsa kaya poyambitsa, lizilengeza kutatsala chaka chathunthu kuti okonza makina agwire ntchito yawo mosathamangitsidwa.